Gitala ya Apongozi ndi Mwana Wosamva

Loweruka lapitali tinali kumanda, kuvundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, a Yotamu Mbewe. Patha chaka chimodzi chiwaikireni. Bambo amene anawerenga mbiri yawo anati malemuwa anali mlimi wa mtedza, anali mkhristu, anakhalitsa ku Zambia, ndipo asiya ana atatu ndi zidzukulu. Zonsezo n'zoona. Koma za gitala sanatchuleko, ngati kuti inali nthenda yochititsa manyazi. Ine ndinakhala chakumbuyo ndi amayi anzanga, mwana wanga Yankho ali pamiyendo, poti mtengwa sayankhula pamanda a eni mudzi. Pobwerera ndinati zimene ndikudziwa ndizilembe ndekha, chifukwa ndikapanda kutero palibe adzazinene.

M'mudzi muno, kwa Mavwere, dzina loti Yotamu linkamveka kutchalitchi kokha. Tonse tinkati a Mtchona, popeza anapita ku Kitwe ali mnyamata n'kubwerako mutu uli mbuu. Akazi awo anamwalirira komweko. Ana awiri aakulu anatsala ku Zambia, iwo n'kubwera ndi wotsiriza, amene pambuyo pake anadzandikwatira ine. Matchona ena amabwera ndi makina osokera, njinga kapena malata. Iwo anatsika pamsewu ndi sutikesi imodzi, gitala yamagetsi yofiira yosupuka penti, sipika yaikulu ngati ndowa, ndi kabokosi kachitsulo kopondera ndi phazi. Mlongo wawo, a Nambewe, amene ife timati azakhali, anayang'ana katunduyo n'kufunsa kuti, "Achimwene, zinazo zikubwera pambuyo?" Atamva kuti palibe zina anakwiya, ndipo nkhani ya katunduyo sanaileke mpaka mwini wake kulowa m'manda.

Ulesi analibe. M'mawa ankalawirira kumunda ngati wina aliyense, ndipo mizere yawo inali yowongoka kuposa ya anyamata. Koma ikakwana 3 koloko masana, kaya ndi nthawi yopalira kaya yokumba mtedza, khasu ankaliika pansi. Ankasamba m'manja ndi sopo, kuvala shati ya kolala, n'kulowa m'chigafa chakale kuseri kwa nyumba yawo, momwe fodya analeka kupachikamo kalekale. Padenga pake panali kasola kodzazira batire ya galimoto. Wina akawaseka kuti akuvalira shati yabwino nkhuku, ankati gitala imadziwa munthu akaibwerera ndi thukuta la ntchito ina. Waya akaduka ankatuma ageni opita ku Chipata, atawalembera papepala mtundu wake. Akabweretsa wolakwika, monga ankachitira kawirikawiri, iwo ankamasula waya wa mabuleki a njinga n'kumangirira, akung'ung'udza tsiku lonse.

Nyimbo zawo n'zovuta kuzifotokoza, chifukwa zinalibe mawu, zinalibe ng'oma, ndipo sukanazivina ngakhale utamwa. Gitala za anthu ena umamva chala chikukola waya, kuti twa. Yawo ayi. Ankakhudza waya mwakachetechete, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono kabatani ka voliyumu ndi chala chaching'ono, moti kulirako kunkangotulukira osadziwa kumene kwayambira. Zinali ngati mvula ikamachokera kumapiri: umayamba kuimva m'mitengo yakutali isanafike padenga pako. Akaponda kabokosi kaja, kulira kumodzi kunkabwerera kawiri, katatu, kukucheperachepera, iwo n'kuika kwina pamwamba pake koyambako kusanathe. Pakapita kanthawi unkamva ngati m'chigafamo mwadzaza anthu akuimba chotseka pakamwa, pamene munali nkhalamba imodzi yokha.

Nyimbo imodzi inkatenga nthawi yosendera lichero lonse la mtedza. Ndikudziwa chifukwa ndinkasendera dala kuseri kwa nkhokwe, pomwe zinkamveka bwino. Masiku ena ndinkapezeka manja aima, mtedza uli m'dzanja, ndikuganiza za amayi ondibala omwe ndinatha chaka osawaona. Sizinali nyimbo zachisoni kwenikweni. Zinkangokupatsa mpata woganiza zimene tsiku lonse unalibe nthawi yoziganiza.

Akuti tsiku loyamba kuimba, ine ndisanabwere m'mudzi muno, anthu anathamangira kunyumbako, amayi atamanga kale zitenje m'chiuno. Ankayesa ndi wailesi, poti wailesi ikamaika nyimbo zozizira zopanda mawu ndiye kuti kwamwalira munthu wamkulu. Anaima kunja kwa chigafa kudikira kuti alengeze dzina. Ataona kuti ndi gitala, anadikirabe, mpaka mkulu wina anatopa n'kufunsa kuti, "Nanga woimbayo ayamba nthawi yanji?" A Mtchona osadzutsa mutu anati, "Woimba wathu anatsala ku Kitwe. Manje mumvere chabe malo ake." Anthu anaseka, mbiri n'kufala kuti mtchona wabwera mutu utasokonekera.

M'sutikesi muja munali chithunzi cha anyamata asanu, tsitsi lotukumuka, mabuluku otambalala kumiyendo ngati masiketi. Wachiwiri kumanzere anali iwo. Gulu lawo linkaimba nyimbo za roko m'maholo a kumigodi, nyimbo zitalizitali zosintha pakati, moti ovina ankakwiya n'kumaponya zitsekerero za mabotolo. Anzawo anayiwo anamwalira onse motsatizana, woyamba anali woimba uja. Izi anauza mwana wawo, bambo a Yankho, kamodzi kokha, akusoka matumba a mtedza, ndipo iwowo anadzandifotokozera ine. Akuti anati phokoso analimaliza ali mnyamata, ndipo zimene ankaimba muukalamba ndi zomwe zimatsala m'nyimbo ukachotsamo phokosolo.

Mikangano sinkawasowa. Akwaya a kutchalitchi kwathu anawapempha tsiku lina kuti awaimbire gitala paukwati. Anavomera. Nthawi itakwana anayamba ndi kulira kumodzi kuja kokwera pang'onopang'ono. Wotsogolera kwaya anakweza mkono kudikira poyambira, mkono unatopa, anautsitsa, anaukwezanso, mapeto ake theka la kwaya linayamba lokha, theka lina n'kumaseka. Potuluka wotsogolerayo anati, "Bambo, ife timafuna yoti tizipondera." Iwo anamuyankha kuti akwaya amathamangira kwa Mulungu ngati akuthamangira minibasi yotsiriza. Kuyambira pamenepo ankakhala benchi yakumbuyo, ndipo kwaya ikalakwitsa ankatsokomola mokweza. Anyamata ena anayesa kuwajambula pafoni. Atamvetsera mmene zikumvekera pakasipika ka foniyo, anati uwo ndi udzudzu osati gitala yawo, ndipo anaimirira pomwepo mpaka anyamatawo atafufuta. N'chifukwa chake lero palibe paliponse pamene munthu angamve nyimbo zawo.

Ine ndi iwo sitinkayankhulana. Si udani, ndi mwambo: mpongozi ndi mpongozi amaopana. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira kutchire n'kugwada, iwo n'kuyang'ana kumbali. Chakudya ndinkapatsira bambo a Yankho. Yankho atabadwa tinapeza mthenga. Iwo ankaima chapatali n'kukweza mawu kuti, "Yankho, uwauze amako kuti mchere watha kuno." Mwanayo ali kumsana kwanga, wa miyezi itatu, akuyamwa chala. Ine n'kuyankha kuti, "Yankho, uwauze agogo kuti tamva." Aliyense kuno amatero, ndipo uthenga umafika bwinobwino, poti mwini wake amakhala ali pomwepo akumva ndi makutu ake.

Yankho anali atayamba kale kuti mama, tata, ndi kuitana nkhuku. Ali ndi chaka ndi theka anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, tinagonekedwa kuchipatala sabata ziwiri. Anachira, tinathokoza Mulungu. Koma anabwerako mwana wolira, wovuta kumutonthoza. Malo amodzi okha amene ankakhala phee anali m'chigafa. Gitala ikayamba ankayenda yekha mpaka kumeneko, n'kukumbatira sipika, tsaya ataligunditsa pansalu yake, maso atatsinzina. Agogo ake ankangomusiya. Miyezi inapita, mawu aja sanabwerere, atsopano osabwera. Ukamuitana, osacheuka. Ukamuletsa, osaleka. Anthu anayamba kunena kuti mwanayu ndi wosamva, ena n'kumaseka kuti dzina ndi Yankho koma kuyankha ayi. Inenso ndinkati ndi mwano. Tsiku lina ndinamuitana kanayi akulunjika kuchitsime chosavindikira, ndipo atapanda kucheuka ndinamuthamangira n'kumukwapula ndi kamtengo. Anandiyang'ana modabwa, osati mwamantha. Nkhope imeneyo ndimaionabe.

Atakwana zaka zitatu osayankhula, azakhali ndiwo anapeza chifukwa. Anati mwana amaphunzira mawu pomva mawu, ndiye uyu wakulira pa nyimbo zopanda mawu, akutengera gitala. Lilime lagona, ndipo pansi pake pamera kamtsempha kofunika kudula. Kunena zoona, ambiri tinaona ngati n'zomveka. Anatumiza uthenga kwa bambo wina wa kwa Chiosya wodziwa kudula pansi pa lilime ndi lezala, kuti abwere Loweruka, ndipo analamula kuti mwana asapondenso m'chigafa. Bambo a Yankho anali kumalire a Zambia kukagulitsa mtedza, ndipo pafoni anangoti, "Zimene anena azakhali." Ine lezala ndinkaliopa, koma ndinkafunanso kumva mwana wanga akundiitana. Ndinavomera ndi mutu.

Lachitatu ndinawamva a Mtchona ndi azakhali akukangana kuseri kwa nyumba.

"Nambewe, lilime la mwanayu lilibe mlandu."

"Mlandu uli ndi chigitala chanucho. Zaka zonse zija ku Zambia, kubwera ndi chinthu chomeza mawu a ana!"

"Uza munthu wakoyo adikire kaye."

"Adikire chiyani? Mumuimbire mpaka ayankhule? Loweruka akubwera, achimwene, ndatha ine."

Lachinayi masana ndikuyanika mtedza ndinamva, "Yankho! Uwauze amako abwere nawe kuno. Pompano." Ndinayang'ana kunyumba kwa azakhali, chitseko chinali chotseka, anali atapita kuchigayo. Ndinanyamula mwana. Nditafika ndinagwada panja pa chigafa, nkhope nditalozetsa kumunda.

"Yankho, uwauze amako akukhazike pamphasapo. Uziyang'ana kwa iwo, ine undipatse msana."

Ndinatero, n'kumupatsa chitsononkho kuti aziseweretsa. Ndinaona kuti sipika aichotsa pansi, aipachika ndi chingwe pamtanda, kuti isamagwedeze nthaka. Anakweza voliyumu yonse n'kukola waya woonda kwambiri. Kunalira kuti tswii, nkhuku zinabalalika, ine ndinagwira m'makutu. Yankho anapitiriza kuyesa kubereka chitsononkho chake ndi kansanza. Sanaphethire n'komwe. Waya wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, wachinayi. Atafika pa waya wonenepa, wolira ngati lole ikukwera mtunda kutali, mwana anaima, anacheuka, n'kuseka. Anamutembenuzanso, n'kuyambiranso. Anachita katatu, ndipo katatu konse zinali zomwezo. Kenako anagoneka gitala pamiyendo.

"Amake Yankho."

Ndinayang'ana mwana, kudikira mawu oti uwauze.

"Ayi, ndikunena inuyo. Yang'anani kuno. Lero ndiyankhula nanu maso ndi maso, makolo andikhululukire, chifukwa mthenga wathuyu chidwalireni sanalandirepo uthenga ngakhale umodzi. Timangomvana tokha, ine ndi inu, n'kumayesa wapereka."

Zaka zinayi m'mudzi muno, nkhope yawo ndinali ndisanaionepo pafupi. Anali ndi kachipsera pachibwano, ndipo maso awo anali a Yankho enieni.

"Mudzi wonse ukuti mwanayu ndi wosamva. Akunena zoona, koma sakudziwa chimene akunena. Si mwano. Samva. Makutu, amake Yankho, osati lilime."

Ndinakumbukira kamtengo kaja, misozi n'kungotsika yokha. Anandisiya ndilire pang'ono, kenako anati, "Kulira mulire lero. Mawa tilawirira kuchipatala, lezala lija lisanafike."

Pambuyo pake ndinamva mmene anadziwira. Khutu lawo lakumanzere linafa kalekale chifukwa choima pafupi ndi masipika aakulu, ndipo kuchipatala cha kumigodi anawayeza powamvetsera kulira koonda ndi konenepa. Iwo anangochita zomwezo ndi gitala. Pansanamira ya chigafa panali timizere ta makala, mzere uliwonse waya wake, tsiku lililonse chizindikiro chake. Anakhala akuyesa mwezi wathunthu osauza munthu, poopa kunditchulira chinthu cholemera chotero asanatsimikize.

Lachisanu m'mawa ndinabereka mwana, kabuku ka kusikelo m'chikwama. Iwo anatulukira atavala jekete. Tinkayenda iwo patsogolo, ine pambuyo, koma azakhali anatipeza pamphambano akuchokera kudimba.

"Ee! Maso angawa akuona bwino? Mpongozi ndi mpongozi njira imodzi? Ulendo wa kuti?"

"Kuboma," anatero a Mtchona.

"Nanga munthu ndamuitanira mawa uja ndimuuze chiyani? Iwe mtengwa, tsitsa mwanayo."

Chibwerereni m'mudzi muno ndinali ndisanawabwezepo mawu azakhali. Koma tsiku limenelo ndinamanga chitenje mfundo yachiwiri.

"Azakhali, pepani. Lezala pakamwa pa mwana wanga silifika. Akakatiuza kuchipatala kuti makutu ali bwino, ndidzabwera kudzagwada pakhomo panu."

"Wamva, Nambewe? Munthu wakoyo umuphikire tiyi, abwerere."

"Munalodza mwana ndi gitala, tsopano mwalodzanso amake!" Azakhali anakuwa choncho ife tikupitabe.

M'minibasi munatsala malo awiri oyandikana. Kondakitala anati, "Madala, sunthirani uko, amayi akunyumba akhale pambali panu."

"Iwe! Ndi apongozi anga awa!"

A Mtchona atatero, minibasi yonse kuseka, mayi wina kumbuyo n'kuti dziko latha. Iwo anatenga chikwama changa n'kuchiimika pakati pathu ngati khoma, ndipo ulendo wonse anayang'ana pawindo, khosi osalitembenuza mpaka kuboma.

Kuboma anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko, mayi woyeza makutu asanayambe n'komwe, a Mtchona anamuuziratu kuti zoonda mwanayu samva, zabesi, zonenepa zija, amamvako pang'ono, makamaka khutu lamanja. Mayiyo anangomwetulira mwaulemu. Atamaliza kuyeza ndi makina ake anayang'ana pepala, anayang'ana iwo, n'kufunsa kuti, "Bambo, munagwirapo ntchito yachipatala?"

"Ayi mwana wanga, ya gitala."

Anatifotokozera kuti malungo aja ndiwo anawononga makutu, koma kumva kwina kulipo, ndipo kachipangizo kovala kukhutu kadzamuthandiza. Anamuthira kaphala kofewa m'makutu kuti atenge muyeso, n'kutiuza kuti tidikire adzatiimbira foni. Za lilime anati lilibe vuto lililonse. Titafika kumudzi, azakhali anamvetsera zonse, kenako anati, "Ine si ndinkanena kuti ndi wosamva?" Kupepesa kwawo kunathera pomwepo, ngakhale m'mawa mwake ndinapeza mazira m'kambale pakhonde panga.

Mwambo tinaubwerera, koma theka. Poti mthenga anali patchuthi, anayamba kutuma nkhuku: "Nkhuku iwe, uwauze amake Yankho kuti shati yanga yaduka batani." Koma nkhani ikakhala ya mwana ankandiyang'ana. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti ndisamamuitane chakumbuyo, ndiziponda pansi mwamphamvu kapena kuzungulira kutsogolo kwake. Munthu akanena pamaso pawo kuti mwanayu ndi wosamva, ankamuimitsa n'kumufunsa kuti akutanthauza kusamva kuti, ndipo sankamulola kuchoka asanayankhe.

Tinadikira miyezi yambiri, ndipo m'miyezi imeneyo anasintha kaimbidwe. Anatenga thabwa la chitseko chakale, anagoneka sipika chafufumimba mbali imodzi, mbali inayo n'kukhazikapo Yankho. Mawaya anawamasula pang'ono kuti azilira pansi kwambiri, ndipo oonda aja anangowasiya. Nyimbo za nthawi imeneyo ndi zimene sindidzaiwala. Sizinkalowera m'makutu mokha. Unkazimva m'chifuwa, m'mtondo umene wautsamira, m'madzi a m'ndowa akunjenjemera pang'ono. Zinkayenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe zikamabwerera kukhola zitakhuta, ndipo pakati pake ankasiya mipata yaitali yopanda kanthu, yoti munthu n'kuyesa atha, kenako kulira kwina n'kutulukira pansi penipeni. Azakhali omwe anayamba kubweretsa mphasa yawo pafupi, n'kumati akutsata mthunzi.

Tsiku lina m'mpata umodzi wotero ndinamva liwu lina, laling'ono, lotseka pakamwa. Mmmm. Anali Yankho, manja atagwira thabwa. Agogo ake anakola waya, n'kudikira. Mmmm. Anakolanso wina wapamwamba pang'ono, mwana n'kukweza naye. Anachita zimenezo mpaka batire itatha. Potuluka ankapukuta m'maso ndi kolala ya shati, n'kuuza nkhuku mokweza kuti, "Uwauze amake Yankho kuti woimba wapezeka."

A Mtchona anadwala m'nyengo yozizira. Chinayamba ngati chifuwa wamba, n'kusanduka chibayo. Lamulungu anaimba pang'ono n'kulekeza pakati, akuti zala zazizira. Lolemba tinawatengera kuchipatala kuboma, ndipo tsiku lomwelo foni ya ku Lilongwe inalira: kachipangizo kafika, tibwere Lachisanu. Nditapita ndi phala kuwodi, anathamangitsa mwana wawo kuti akatunge madzi, n'kundiyang'ana.

"Amake Yankho, Lachisanu mupite. Kaya ndili pano kaya ndili pena, mupite. Mukadumpha tsikulo chifukwa cha ine, ndidzakwiya koopsa."

Anamwalira Lachitatu m'mawa, tinaika Lachinayi. Lachisanu linali tsiku losesa, pamene wapabanja aliyense sayenera kuchoka pasiwa. Kutacha ndinabereka mwana n'kunyamula chikwama. Amayi ena anayamba kunong'onezana kuti mtengwayu alibe chisoni, dothi la apongozi lisanaume iye wa kutauni. Ndinaima pakhomo, osadziwa kuti ndidutsa bwanji pakati pawo. Amene anadzuka ndi azakhali, maso ali otupa.

"Mukumuyang'ana chiyani? Mpatseni njira. Pita iwe, wofunsa adzafunse ine."

Ku Lilongwe atamuveka kachipangizoko, Yankho anadzidzimuka ndi kulira kwa pepala limene mayi woyeza makutu uja analipinda, n'kuyamba kulira, kenako anadabwa ndi kulira kwake komwe n'kukhala chete. Agogo ake anaphonya zimenezi ndi masiku awiri. Titabwerera tinapeza katundu wagawidwa. Gitala ndi kabokosi anatenga mwana wawo wamkulu kupita nazo ku Zambia, ndipo n'zoyenera, ndi zake. Sipika anapatsa akwaya.

Chigafa chilipobe. Udzu wa mbali ya kumadzulo unagwa ndi mvula ya chaka chino, ndipo chiswe chalowa nsanamira ziwiri. Pamene pankakhala mpando wawo patsala timaenje tinayi m'dothi, ndi kadzenje kosalala pomwe chidendene chinkagunda. Msomali umene ankakolekapo lamba wa gitala wachita dzimbiri, mavu amangapo nyumba. Azakhali akufuna mitengoyo ya nkhuni, koma ndawapempha kuti adikire mpaka Yankho atayamba sukulu, ndipo sanakane. Ndimasesamo, chifukwa ndimo ine ndi Yankho timaphunzirira mawu. Ku Lilongwe anandionetsa kachitidwe kake: kukhala maso ndi maso pamalo opanda phokoso, liwu limodzi, kubwereza mpaka ligwire. Liwu lakuti madzi linatitengera sabata zitatu. Panopa amati mama, madzi, mbuzi, bwera, ndi ayi. Ayi amamukonda kwambiri.

Dzulo tili mmenemo anaimirira, n'kukaima pakati pa timaenje tija, mutu ataupendeketsa monga amachitira akamasaka kumene chinthu chikulira. Kunja kunkalira njiwa, mbuzi ya azakhali, ndi chigayo chapatali. Zonsezo amazimva tsopano. Anamvetsera nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana n'kutambasula manja.

"Zii," anatero.

Liwu limenelo sindinamuphunzitse ine.

"Eya, zii," ndinatero.

Anaimabe kudikira kuti ndimuuze chifukwa chake. Mawu ofotokozera zimenezo sitinafikepo, tidakali pa mbuzi ndi madzi. Ndinamukhazika pansi, ndinamugwira chibwano kuti aziyang'ana pakamwa panga, n'kuyambanso liwu la sabata ino, lakuti agogo. Iye akuti a-o-o. Mawa tibwerezanso.